Kumanga ndi kumasula ditekita kuti ikafike yamoyo kumene mukupita

Ditekita ndi makina ofufuzira golide ndi zitsulo zina m'nthaka. Yoyamba imene ndinaiona itawonongeka sinawonongekere kutchire ayi. Inawonongekera pa Mbare Musika, pokwerera mabasi mu Harare, basi isananyamuke n'komwe. Alamu anga anabwera nayo yomangamanga, koyilo, chimbale chake chofufuzira, ili kumapeto kwa ndodo, atangoikulunga m'bulangete n'kuizengereza ndi zingwe za mphira. Anyamata olongedza katundu anailowetsa kunsi kwa basi, pamwamba pake n'kusanjikiza matumba a kabichi ndi anyezi. Titatsika ku Shamva n'kufunyulula bulangete lija, tinapeza khutu limodzi la koyilo litathyoka, nthambo nayo itatswanyika pamene imalowera m'koyilomo. Ulendo unathera pomwepo. Anyamata aja sindiwaimba mlandu. Iwo anaona mtolo wa bulangete, sakanadziwa kuti m'katimo muli chinthu chimene munthu anagulitsira ng'ombe kuti achipeze.

Ambirife a ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, amene makolo athu anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino la Zimbabwe, tilibe galimoto zathuzathu. Ditekita yathu imakwera kombi (minibasi), imakwera mushikashika (timagalimoto ting'onoting'ono tonyamula anthu), imakwera basi, kenako imayenda pamsana mpaka kukafika pamalo a ntchito. Ndiye amene sadziwa kuimasula bwino, ngakhale akhale katswiri pofufuza, makina ake sakhalitsa. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndimachita ine ulendo uliwonse.

Dziwani kaye ziwalo zake

Kaya muli ndi Garrett ACE 250 yofufuzira makobidi ndi mphete zotayika, kaya Gold Monster 1000, kaya GPX 4500 kapena GPX 5000 zimene anthu a golide amazikonda, thupi lake ndi lofanana. Pansi pali koyilo, chimbale chija chimayenda pamwamba pa dothi. Pamsana pa koyilo pali makutu awiri oboola, ndipo pakati pa makutuwo ndi pamene pamalowa mutu wa ndodo yam'munsi. Ndodo imeneyi, makamaka kumutu kwakeko, si yachitsulo. Anachita dala kuti makina asamadzimve okha, ndipo pa chifukwa chomwecho bawuti ndi nati zomangira koyilo ndi za pulasitiki. M'mbali mwa mutu wa ndodoyo mumakhala timphira tiwiri. Timeneti n'timene timagwira koyilo kuti isamagwedere, ndipo n'timenenso timatayika msanga kuposa china chilichonse.

Pamwamba pake pamabwera ndodo yapakati, ngati makina anu ali nayo, kenako yapamwamba imene ili ndi chogwirira, chogonekera mkono ndi bokosi. Bokosilo ndiye ubongo wa makina onse. Nthambo ya koyilo imakwera ndi ndodo n'kukalowa m'bokosi ndi pulagi ya timano ting'onoting'ono.

Kulemera kumasiyana, ndipo muzikuganizira posankha chikwama. ACE 250 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, Gold Monster 1000 imangopitirira pang'ono 1.3, GPX 5000 imafika 2.4 osawerengera batire, pomwe GPZ 7000 imapitirira makilogalamu 3.

Musanamasule koyamba, ijambuleni pafoni ili yomanga: chithunzi chimodzi cha pamakutu a koyilo, china cha mmene nthambo yayendera, china cha pansi pa bokosi. Mukamasula, yalani ziwalo zonse pachitenje n'kuziwerenga. Nambala imeneyo ilembeni ndi bolopeni m'kati mwa chikwama. Tsiku lina mudzamasula kutada, mutatopa, mvula ikubwera, ndipo nambalayo ndi imene idzakuuzeni kuti chinachake chatsala m'udzu.

Kumanga: yambirani pansi

Yalani chitenje kapena thumba la saka. Musamangire pa dothi lenileni, chifukwa kamphira kakagwera m'fumbi lofiira la ku Mazowe simukaonanso. Onetsetsani kuti makina ndi ozimitsa, ndipo batire musaliike kaye.

Tengani ndodo yam'munsi, lowetsani timphira tija m'malo mwake mbali zonse ziwiri. Ngati sitikukhazikika, tinyowetseni pang'ono ndi madzi. Kenako lowetsani mutu wa ndodo pakati pa makutu a koyilo mpaka mabowo atayang'anizana. Poterepa yang'anani kabatani ka sipuling'i kamene kali kumtunda kwa ndodoyo: kayang'ane mbali imene kuli mabowo a ndodo inzake. Mukapanda kuona zimenezi, mudzamanga zonse bwinobwino n'kupeza koyilo yayang'ana chammbali, ndiye muyambirenso.

Lowetsani bawuti, ikani nati, mangani ndi zala zokha. Pulayala ndi sipanala zisayandikire pamenepa. Muyeso wake ndi uwu: mukanyamula ndodo m'mwamba, koyilo ikhale mmene munaisiyira, osagwa mphuno, mukaitsamiza pansi n'kukankha pang'ono, ivomere kupendekeka. Ikamagwederabe ngakhale mwamanga, vuto si nati ayi, ndi timphira tatha. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphera koyilo. Amangomangabe, kumangabe, makutu aja n'kumafinyikira m'kati, mng'alu n'kuyamba kunsi kwake kumene maso saona. Patapita milungu ingapo khutu limangothyoka lokha munthu akugwira ntchito. Gulani timphira tatsopano. Ngati muli kutchire, dulani kachidutswa kozungulira ku chubu chakale cha njinga, boolani pakati, muwonjezere pa kamphira kakuthako. Chimagwira mpaka mutabwerera ku tauni.

Bawuti ya pulasitiki ikatayika, musaike yachitsulo. Mphwanga wina anachitapo zimenezi: anapita ku msika wa zitsulo wa Siyaso, ku Magaba kuja, n'kupeza bawuti yachitsulo yokwana bwinobwino. Pamaso zinali bwino. Koma chitsulo chili pamwamba penipeni pa koyilo, ndiye koyiloyo ikangogunda kamwala n'kugwedezeka pang'ono, makina amalira ngati apeza kanthu. Mwanayo anakumba maenje opanda kanthu tsiku lathunthu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo zinandimvetsa chisoni chifukwa ndinali ndisanamuuze. Ngati ya makina enieniwo simukuipeza, pitani m'sitolo ya zomangira nyumba mukafunse mabawuti a pulasitiki omangira chivundikiro cha chimbudzi chamadzi. Ena amakwana. Tengani ndodo yam'munsi mukayesere komweko, osangoganizira kukula kwake.

Tsopano ndodo. Masulani kaye zokhwimitsira zija mpaka zitalekerera, dinani kabatani, lowetsani ndodo ina mwa inzake mpaka mutamva kuti "kha", kabatani katulukira pabowo. Makina ena ndodo zake amazilumikiza pozipotokola ngati mapaipi a madzi. Zoterozo yambani mofatsa, ndipo zikangolimba musanazungulitse kawiri, bwererani, ndiye kuti mazinga apingasa. Zokhwimitsira musazimange msanga, yambani mwapeza kutalika kokuyenerani. Imirirani mowongoka, ikani mkono pa chogonekera, mkonowo ulendewere momasuka. Koyilo igone pansi yonse, patsogolo pa mapazi anu, patali ndithu moti isamamve nsapato. Amene mumavala majombo a kumgodi a chitsulo kumphuno, dziwani kuti GPX imawamva, ndipo majombo a mphira ndiwo abwino pa ntchito iyi. Ndodo ikafupika mumawerama, msana n'kuyamba kupweteka isanakwane 10 koloko. Ikatalikitsa, phewa ndi limene limalipira. Mukapeza bowo lokuyenerani, ikani chizindikiro ndi tepi kapena utoto wa zikhadabo, kuti ulendo wina musadzayambenso kuyesa. Mukatero mangani zokhwimitsira, ndi dzanja basi.

Bokosi ndi chogonekera mkono sizivuta. Pa makina ambiri bokosi limakhala lomatirira ku ndodo yapamwamba, simulichotsa. Pa GPX 4500 ndi 5000 limamangidwa pansi pa chogonekera mkono ndi mabawuti ake. Chigongono chanu chikhale kumbuyo pang'ono kwa chogonekera, ndipo lamba asathine moti n'kuvuta kutulutsa mkono mukafuna kukumba.

Nthambo

Apa ndichedwapo, chifukwa mwa ditekita zonse zimene ndinaona zitafa, zambiri zinafera pa nthambo. M'kati mwake muli timawaya tating'ono ngati ulusi. Kunja mphira imaoneka yabwinobwino pomwe m'kati kawaya kamodzi kaduka, ndipo makina amayamba misala: lero akugwira, mawa akungolira okha.

Yambirani pa koyilo. Pendeketsani koyiloyo mpaka kumapeto kwake, kutsogolo ndi kumbuyo, muone nthambo imene ikufunika kuti isakokeke. Siyani kotakasuka kokwana pamenepo, kongokwana basi, kenako mangani ndi velcro (kalamba komatirira kokha) kapena tepi masentimita pafupifupi 10 kapena 15 pamwamba pa makutu. Mukathinitsa pamenepa, nthawi iliyonse imene koyilo yapendekeka imakoka nthambo pamuzu pake, ndipo muzu umenewo ukaduka ndi ochepa amene angaulumikize. Mukalekereranso kwambiri, nthambo imakupiza pamwamba pa koyilo. Musaiwale kuti m'nthambomo muli kopa, ndiye makina amaiona ngati chitsulo chimene chikuyenda. Gold Monster 1000, imene imamva timibulu ta golide tochepa ngati njere ya mawere, siingalephere kumva nthambo yake yomwe ikugwedezeka.

Kuchoka pamenepo, kulungani nthambo pa ndodo mokwera, kuzungulira koyamba kudutse pamwamba pa ndodo osati pansi. Ine pa ndodo yam'munsi ndimaiyendetsa mowongoka n'kuimanga malo awiri, ndipo yotsalayo ndimakaikulunga kumtunda, kutali ndi koyilo. Ena amakulunga kuyambira pansi mpaka pamwamba, nazonso zimagwira bola zikhale zogwirana. Chimene sindivomereza ndi kutembenuza nthambo ndi dzanja ngati mukupota chingwe cha mbuzi. Gwirani nthambo, muzizungulitsa ndi dzanja mozungulira ndodo, iyo isapotoke payokha. Kumtunda siyaninso kotakasuka pang'ono kuti pulagi ilowe m'bokosi mowongoka, isakokeredwe chammbali.

Pulagi ili ndi kampata kapena kachizindikiro kosonyeza mmene imalowera. Yang'anani ndi maso, osangopapasa. Ikayang'anizana bwino imalowa yokha popanda mphamvu. Ikakana, ndiye kuti simunalunjike, ndipo mukakakamiza timano timapindika. Ikalowa, zungulitsani mphete yakunja yokha, thupi la pulagi ligwireni likhale phee. Mphete imeneyi mazinga ake ndi osalimba, ndiye muyambe mwaibweza chakumbuyo pang'ono mpaka itakhala m'malo, kenako mumange. Zonsezi makina ali ozimitsa. Amene amapanga GPX amachenjeza okha kuti kulumikiza kapena kuzula koyilo makina akuyaka kungawononge za m'bokosi.

Batire ndiye lomaliza. Pa GPX 4500 ndi 5000 batire limakhala pa malamba kumsana, nthambo yopotanapotana ndi imene imabweretsa moto ku bokosi, ndipo mahedifoni amalowa pa batire pomwepo. Valani malamba, kolekani chingwe cha mphira chonyamulira ndodo, chisinthireni mpaka koyilo izingoyandama pamwamba pa dothi popanda inu kuinyamula ndi mphamvu.

Yesani musananyamuke

Usiku woti mawa ndi ulendo, mangani makina onse muwayese. Koma musayesere m'nyumba. Malata, nthambo za magetsi, firiji, zitsulo za m'simenti, zonsezi zimasokoneza, ndipo mungaganize kuti makina afa pomwe ali bwinobwino. Pitani pabwalo la mpira kapena pamalo ena otseguka, kutali ndi mapolo a magetsi a ZESA. Yatsani, lolani makina asankhe njira yopanda phokoso ngati ali ndi batani lake, kenako muwazoloweretse dothi pokweza ndi kutsitsa koyilo. Ikani khobidi pansi. Ine ndimasunga la K10 la kwathu m'chikwama pa ntchito imeneyi, ndipo ndimadziwa kutalika kumene makina anga amalimvera. Akalimvera pafupi kuposa masiku onse, ndimadziwa kuti penapake pali vuto.

Kenako imikani koyilo m'mwamba, gwedezani nthambo ndi chala pang'onopang'ono kuyambira pa pulagi kutsika. Pamene makina alire mukakhudza, pamenepo ndi pamene pali bala. Kuli bwino mulipeze muli ku Harare kusiyana ndi kukalipeza ku Makaha, kumalo a golide, mutawononga kale ndalama ya ulendo.

Kumasula

Anthu amati kumasula ndi kungobwerera mmbuyo mmene munamangira. N'zoona, koma choyamba dzifunseni kuti ulendowu ndi wotani, chifukwa si ulendo uliwonse umene umafuna kuti mumasule zonse. Kuchotsa koyilo tsiku ndi tsiku kumadya mazinga a bawuti, kumatopetsa makutu, ndiponso ndi nthawi imene timphira timatayika.

Ngati mukungochoka pamalo ena kupita pena wapansi, zimitsani, masulani velcro wakumtunda kuti nthambo itakasuke, fupikitsani ndodo, pindani koyilo igone motsatira ndodo, nyamulani. Ngati mukukwera kombi kapena galimoto yaing'ono, zulani pulagi, lekanitsani ndodo, koma koyilo isiyeni pa ndodo yam'munsi itapindidwa. Ngati ndi ulendo wautali wa pa basi, kapena chikwama chidzachoka m'manja mwanu ngakhale kwa kanthawi, chotsani koyilo. Koyilo yomangirira ku ndodo ikapsinjidwa, ndodoyo imasanduka mpini wothyolera makutu. Ndi zimene zinawachitikira alamu anga.

Kamasulidwe kake nkotere. Zimitsani makina. Chotsani mahedifoni ndi nthambo ya batire. Masulani mphete ya pulagi mpaka italekerera, gwirani thupi la pulagi, kokani mowongoka. Musakoke nthambo, musagwedeze uku ndi uku. Masulani velcro yense, vundukulani nthambo yonse pa ndodo musanakhudze zokhwimitsira. Ndikubwereza: nthambo iyambe yachoka, ndodo pambuyo. Munthu wotopa amathamangira kudina kabatani n'kusolola ndodo nthambo ikadali yokulunga, ndipo kukoka kumodzi komweko n'kokwanira kudula kawaya m'kati.

Musanalowetse kapena kusolola ndodo, ipukuteni ndi nsanza yonyowa. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala, kapenanso matope a Januwale akauma, zimalowa m'zokhwimitsira n'kumakanda ndodo ngati sandipepa, mapeto ake ndodo zimamatirirana. Zikamatirira, musamenye ndi mwala ndipo musagwire ndi pulayala. Thirani madzi polumikizirapo, dikirani pang'ono, gwirani ndi chidutswa cha chubu kuti dzanja lisaterereke, muzipotokola pang'onopang'ono uku mukukoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Girisi kapena oyilo musapake, chifukwa amagwira mchenga n'kupanga phala lowononga kuposa fumbi lija. Mukafika kunyumba tsukani zokhwimitsira ndi madzi ndi mswachi wakale, ziume bwinobwino.

Pochotsa koyilo, khalani pachitenje chija. Masulani nati, sololani bawuti, tulutsani ndodo mowongoka, ndipo maso akhale pa timphira. Mukatero bwezerani bawuti m'bowo la ndodo yam'munsi, timphira tili m'malo mwake, n'kumanga nati pang'ono. Mwatero zinthu zinayi zing'onozing'ono zakhala pamodzi ndipo palibe chingatayike. Ena amabwezera bawuti m'makutu a koyilo. Choopsa chake n'chakuti pakati pa makutuwo palibe kanthu, ndiye nati ikangothina pang'ono makutu amafinyika.

Koyilo yambiri ili ndi chivundikiro cha pulasitiki kunsi chotetezera kuti isaperepeseke ndi miyala. Chichotseni nthawi ndi nthawi, poyambira m'mphepete ndi zala, mukhutule zimene zalowamo. Kumalo a golide kumakhala mchenga wakuda uja umakakamira ku maginito. Ukadzazana pakati pa koyilo ndi chivundikiro, umayenda mukamagwedeza, makina n'kumalira popanda chifukwa. Tsukani, umitsani, bwezerani. Koma musaviike koyilo m'madzi musanatsimikize kuti yanuyo imalola. Za Gold Monster zimalola, koma si zonse za GPX zimene zinapangidwira kumira. Bokosi lokha ndiye ayi ndithu, lipukuteni ndi kansalu kofinya.

Nthambo ya koyilo ipindeni mozungulira motakasuka, kukula ngati mbale ya ndiwo, muigoneke pamsana pa koyilo n'kuimanga ndi velcro. Musaikulunge mothina pa makutu, musaipinde ngati lamba. Pulagi ndimaiveka kasokosi ka mwana n'kumanga ndi mphira, kuti timano tisalowe fumbi ndiponso kuti isagunde galasi la bokosi. Pakamwa pa bokosi pamene pulagi imalowa ndimamatapo tepi.

Kulongedza

Chikwama cha kumsana wamba chimakwana, bola muyeze kaye ndodo yaitali kwambiri ndi tepi ya telala musanagule. Ine ndimakonda chikwama chakale chosaoneka bwino kuposa chija cholembedwa dzina la makina. Pokwerera mabasi ndi makombi, monga pa Mbare Musika, pa Copacabana kapena pa Market Square, pamadutsa anthu amitundumitundu, ndipo chikwama cholembedwa Minelab, dzina la kampani yopanga makina a golidewa, chimauza aliyense zimene mwanyamula.

Koyilo ilowe koyamba, itaimirira, kumbali imene imagunda msana wanu, pakati pa makatoni awiri odula molingana nayo. Pakati pa makutu ikanipo kachidutswa ka katoni kopindapinda kapena ka thabwa kokwana bwino, kuti akapsinjika asapindikire m'kati. Ngati muli ndi makoyilo awiri, monga a Gold Monster amene amabwera wa mainchesi 5 ndi wa mainchesi 10, pakati pawo ikani thaulo. Ndodo zimangeni pamodzi ndi mphira, nsonga zake muziveke masokosi kuti zisaboole chikwama. Amene mumayenda maulendo ataliatali, dulitsani paipi ya PVC yotakata bwino, muike zotsekera mbali zonse ziwiri. Ndodo zikalowa mmenemo, ngakhale thumba la chimanga litagona pamwamba palibe chimachitika.

Bokosi likulungeni m'juzi, galasi litayang'ana m'kati, likhale pakati pa zovala, pamwamba pa zonse. Ngati limachoka pa ndodo, liikeni m'kontena ya pulasitiki yonyamulira chakudya. Piki, fosholo ndi chitsulo chilichonse cholemera zikhale m'thumba lina. Piki zambiri za anthu a golide zimakhala ndi maginito amphamvu, ndiye zisagone pafupi ndi bokosi, mahedifoni kapena foni.

M'kombi chikwama chikhale pamiyendo panu. Kondakitala akati, "Mudhara, tiike kumbuyo," mukaneni mwaulemu, ndipo ngati akuti chikudya malo, kuli bwino kulipira mpando wachiwiri. Pa basi, kunsi kungapite piki, paipi ya ndodo ndi zofunda. Bokosi, koyilo ndi batire zikwere nanu m'kati. Kumbuyo kwa lole kapena pa njinga yamoto, chikwama chikhale kumsana kwanu, thupi lanu ndilo lizilandira mabampu.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, yalani pepala lalikulu la pulasitiki m'kati mwa chikwama musanalongedze. Koma makina onyowa musawatsekere m'pulasitiki usiku wonse, chifukwa chinyezi chimalowa m'bokosi n'kudya timano ta pulagi. Mukangofika, tulutsani zonse, ziume pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Mabatire

Mabatire a AA achotseni ulendo uliwonse wautali, ndiponso nthawi iliyonse imene makina akhale osagwira ntchito kupitirira mlungu. ACE 250 imadya 4, ndipo kachikwama ka mabatire ka Gold Monster kamalowa 8. Akakhalitsa m'kati amatuluka madzi oyera aja amene amadya zitsulo zogundira. Komanso batani likadinikira m'chikwama, makina amayaka okha mpaka moto kutha. Asungeni m'kabokosi kawokawo, osawasakaniza ndi makiyi kapena makobidi.

Batire la lithium limadana ndi kutentha. Galimoto yotseka mawindo pa dzuwa la Okutobala si malo ake. Ngati likhale nthawi yaitali osagwira ntchito, lisungeni lili ndi moto wa pakatikati, osati lopanda kanthu. Ndi mmene magetsi amathimathimira m'malokeshoni mwathu muno, musadikire usiku womaliza kuti mutchaje. Yambani kukadali masiku awiri, ndipo nthambo yotchajira pa batire la galimoto la 12V iziyenda nanu, chifukwa kutchire ndi imene imathandiza pamodzi ndi sola. Okwera ndege pa Robert Gabriel Mugabe International Airport, batire la lithium lapadera limayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi, ndipo malire odziwika ndi 100 Wh. Nambala ya Wh imeneyi, yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, imalembedwa pa batire pomwepo.

Mapepala nawonso ndi katundu

M'thumba lam'mbali la chikwama muzikhala pepala la pulasitiki lokhala ndi risiti yogulira makina, imene ili ndi nambala yofanana ndi ya pa bokosi. Nambalayo ijambuleninso pafoni. Imathandiza pa rodibuloko, imathandiza makina akabedwa, imathandizanso pa chipata cha m'malire ngati mukupita nayo kumudzi ku Malawi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Pa chipata ionetseni nokha kwa a kasitomu, musadikire kuti aipeze m'katundu.

Kukhala ndi ditekita si chilolezo chofufuzira golide. Lamulo la migodi la dziko lino, Mines and Minerals Act, limafuna kuti wofufuza akhale ndi laisensi yochokera ku unduna wa za migodi, kapena azigwira ntchito pa kilemu (malo a mgodi) yolembetsedwa movomerezedwa ndi mwini wake. Lamulo lina, Gold Trade Act, limaletsa kusunga kapena kugulitsa golide popanda chilolezo, ndipo chilango chake ndi ndende ya zaka. Golide amagulitsidwa ku Fidelity Gold Refinery, imene likulu lake lili ku Msasa mu Harare, kapena kwa ogula amene ili nawo m'kaundula. Ndikunena izi chifukwa ena mwa ife nkhani ya zitupa ndi yovuta kale, ndipo sindifuna kumva kuti mwana wa kwathu wamangidwa pa chinthu chimene akanachipewa. Malo a mabwinja akale ndi manda ndi otetezedwa, musakumbeko. Ndipo amene mumalowera cha kumalire a Mozambique, monga ku Mukumbura ndi ku Rushinga, kumbukirani kuti m'zaka za m'ma 1970 kunakwiriridwa mabomba a pansi. Ntchito yochotsa yakhala ikuchitika, koma funsani eni mudzi musanayatse makina, ndipo pamene pali zikwangwani zofiira kapena miyala yopaka utoto musapondepo n'komwe.

M'thumba lomwelo la mapepala ndimasungamo kachitini kakang'ono kakale ka mafuta odzola. Muli bawuti ndi nati za pulasitiki zapadera, timphira tinayi, velcro awiri, tepi yakuda, kachidutswa ka chubu, ndi khobidi la K10 lija. Kachitini kameneka sikatuluka m'chikwama ngakhale ndili kunyumba, ndipo ndikabwereka mnzanga kanthu kuchokera mmenemo, ndimagula kena ndisanapite ulendo wotsatira.